Chijasi cha Bwana Feniwiki

Sendezani mpandowo kuno ku mbaula, mayi. Diresi lanu silitha lero, ndisakunamizeni. Chiperoni chikagwa chonchi zala zanga zimauma, ulusi umakana kulowa pa singano. Mwandifunsa chifukwa chake maso anga sachoka kukhomo chifunga chikatsika. Ena amangondiseka kumbali, inu mwafunsa, ndiye mumve. Koma musandidule pakamwa, ine nkhani yodulidwa sindiibwereza.

Ndili mayi wa mwana mmodzi tinkakhala pa esiteti ina ya tiyi kuseri kwa Thyolo. Amuna anga, bambo a Edina, anali kalaliki wa pa sikelo, wolemba kulemera kwa madengu a othyola tiyi. Ine ndinkasoka, monga mukundioneramu. Pa esitetipo panafika Mngelezi wina wokalamba, Bwana Feniwiki. Sanabwerere tiyi ayi, tiyi ankamudziwa wa m'kapu basi. Anatsata mlongo wake amene anakwatiwa ndi manijala, chifukwa kwawo ku Mangalande analibenso pogwira.

Kwawoko anali munthu wa zisudzo moyo wake wonse. Anayamba ndevu zisanamere, kuyenda pa sitima tauni ndi tauni ndi gulu la anzake, kugona m'zipinda zozizira, lero ali mfumu, mawa ali wakuba, mkuja ali mtembo. Atakhwima anakhala ndi holo yakeyake m'tauni ina ya m'mbali mwa nyanja yamchere, ya mipando mazana asanu ndi limodzi. Iye mwini ankasankha masewero, kulemba osewera ntchito, kuwakalipira masana, kenako n'kukwera nawo limodzi pa siteji. Anatero zaka makumi atatu. Ndiye mkazi wake anamwalira, anthu anatembenukira ku kanema, holo ija inatsekedwa n'kusanduka sitolo ya makapeti. Kuno anafika ndi bokosi limodzi lachitsulo ndi chifuwa chosatha.

Munthu wozolowera kulamula sakhala manja lende. Miyezi itatu isanathe anali atapempha shedi yakale yowumitsiramo fodya, imene inali kumapeto kwa mitengo ya bulugamu, n'kukhomamo siteji ndi mabenchi. Magetsi kunalibe, choncho masewero athu onse ankachitika Loweruka masana, kuwala kukulowera pa mazenera a m'mwamba. Anasonkhanitsa makalaliki achinyamata, anamwino awiri, aphunzitsi a Muhiwa a pa sukulu ya mishoni, ndi bambo a Edina, munthu amene kunyumba akanena mawu khumi pa tsiku ndiye kuti walongolola. Ine ananditenga kuti ndizisoka zovala. Ankakhala pambali pa makina anga n'kumandiuza za kwawo m'Chinyanja chake cha m'mphuno, ine ndikupalasa, ndikungoti inde bwana. Anali wovuta, wokalipa, wosayamika msanga, koma ndinkamukonda mkulu ameneyo.

Anali ndi mwambo umodzi umene sankauphonya. Sewero likatha, anthu atawomba m'manja, iye ankaima pa kakhomo ka kuseri kwa siteji. Wosewera aliyense podutsa, ankamuvula chovala cha sewero ndi manja ake, kumuyang'ana m'maso, n'kumuitana ndi dzina lake la ubatizo. Osati a Muhiwa, osati aphunzitsi, koma dzina lenileni lija amakuitana nalo amako uli wakhanda. Munthuyo ankayenera kuyankha kuti, "Ndine." Akayankha mogona, ankamuitananso.

Ife akuluakulu tinkaona ngati chipongwe. Munthu wa ndevu zake, wa ana ake, kumutchula dzina ngati mwana wa sukulu? Ine ndinali nditakhala pa banja zaka zisanu ndi chimodzi dzina la amuna anga lisanatulukepo pakamwa panga. Ndinkalidziwa, ndinaliona pa kalata ya ukwati, koma kwathu mkazi wotchula dzina la mwamuna wake ndi wosalangidwa. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Bwana, mayinawa mumatchuliranji? Kuno n'zamwano zimenezo."

"Mama Felesiya," anatero iye, akusisita nsalu imene ndinkasoka, "munthu akavala munthu wina maola awiri, amapita kutali. Pafunika womuitana kuti abwerere. Asapite kunyumba atavala mlendo."

"Nanga inuyo amakuitanani ndani?"

Anatsokomola nthawi yaitali asanayankhe. "Mkazi wanga ankaima pa khomo. Chimwalirireni iye, sindinakwerenso pa siteji."

Ndinaseka chamumtima. Ndinati kani azungu nawonso ali ndi zikhulupiriro zawo, chonsecho amatinena ife.

M'bokosi lachitsulo lija munali chijasi chotuwa, chachitali, cholemera ngati bulangeti lonyowa, chonunkha utsi wa malasha ndi mvula ya dziko lina. Chinali cha sewero limene iye analisewera maulendo oposa chikwi. Nkhani yake inali yosavuta. Munthu wapaulendo wasochera m'chifunga, wagogoda pa nyumba ya eni ake, amulandira, amupatsa mpando. Aliyense wa m'nyumbamo akumuuza chimene chikumudya mumtima, iye akungomvetsera. Pomaliza akuimirira, akuthokoza, akutuluka pa khomo la kumbuyo kukafuna njira ya kwawo. Basi, n'chomwecho. Koma ankati ku Mangalande anthu ankatuluka m'holo akupukuta m'maso.

Chifuwa chitakula, anati akufuna kuliona seweroli kamodzi kokha asanafe. A Muhiwa analiika m'Chinyanja, ndipo malo a mlendo Bwana Feniwiki anapatsa bambo a Edina, ati chifukwa amadziwa kukhala chete. Anawaphunzitsa miyezi iwiri, kaimidwe, kagwiridwe ka chipewa, kapendeketsedwe ka mutu pomvetsera. Ine ndinapinda manja a chijasicho, poti mwini wake anali wamtali. Ndinathyola singano zitatu.

Tsiku lake linali Loweruka la mu Juni, ndipo chiperoni chinagwa kuyambira m'mawa. Shedi inadzaza, ena anaima m'makoma. Chifunga chinkalowa pa mazenera a m'mwamba n'kumayandama pamwamba pa mitu ya anthu. Ine ndinaonera ndili kumbali, pafupi ndi mpando wa mzunguyo. Ndikuuzeni zoona, munthu amene anagogoda pa siteji paja sindinamudziwe. Mayendedwe sanali a amuna anga, kakhalidwe ka pa mpando sikanali kawo. Azimayi othyola tiyi, amene sachedwa kuseka ngakhale pa ulaliki, anangoti zii. Mlendo ataimirira n'kunena kuti, "Zikomo, ndakhalitsa, kwathu akundidikira," ndinangomva misozi ikutsika.

Anthu anawomba m'manja. Ndinatembenuka kuti ndimuthandize mkuluyo kuimirira apite pa kakhomo kake, ndipo ndinapeza mutu wagwera pa phewa, maso ali chipenyere ku siteji. Dzanja lake linali likadali lofunda.

Mukudziwa mmene timachitira ife pakagwa maliro. Zonse zimaima. Anamwino anathamanga, azimayi anayamba kulira, wina anavula chitenje n'kumufunditsa. Osewera anatsika pa siteji m'chipwirikiti, aliyense akudzivula yekha. Achinyamata aja ankafuulirana mayina, uyu tenga madzi, uyu thamangira kwa manijala, ndipo a Muhiwa anaitanidwa ndi mayi awo okalamba amene ankasowa ndodo yawo m'chigulumo. Koma bambo a Edina anali amasiye, ndipo pa esiteti yonse panalibe wowatchula dzina kupatula amene anagona pa mpandoyo. Ananyamula nawo mtembo mpaka ku nyumba ya manijala chijasi chili m'thupi, poti kunkazizira, n'kubwera nacho kunyumba. Za kakhomo kaja palibe anaziganiza, ngakhale ine.

Poyamba zinali zazing'ono. Lolemba poweruka ku ntchito anafika pa khomo la nyumba yathu n'kuima.

"Odi."

"Lowani, alendo, mwayenda bwanji?" ndinatero ine, ndikuyesa nthabwala.

Analowa, anasiya mpando wawo wa ndalema n'kukhala pa mpando wa alendo, chipewa chili pa bondo. Nditawapatsa madzi osamba m'manja anathokoza kawiri. Edina atawakwera pa mwendo anamusisita mutu mwaulemu, monga umachitira ndi mwana wa eni ake, n'kufunsa kuti, "Mwana wabwinoyu ndi wanu, mayi?" Kuseka kunandithera pomwepo.

Chijasi ndinachipinda n'kukachipereka kwa mlongo wa malemu. M'mawa mwake ndinachipeza pa msomali kuseri kwa chitseko chathu, chonyowa m'mapewa. Ndinakachiperekanso, chinabweranso. Kenako zinthu za amuna anga zinayamba kusowa chimodzichimodzi, lumo lometera, kapu yawo yachitsulo, pensulo ya pa khutu, nsapato za ku tchalitchi. Sikuti zinabedwa. Pamalo pake sipankaoneka n'komwe kuti panali kanthu, fumbi linali litayala bwinobwino. Nyumba inayamba kuoneka ngati ya mkazi wokhala yekha ndi mwana.

Ku sikelo ankapitabe, ndipo ntchito ankagwira bwino. Koma mzere unayamba kuchedwa, chifukwa aliyense akafika ankatsitsa dengu n'kuyamba kuwauza mavuto ake, mayi wina za mwana wodwala, kapitawo za mkazi wake wothawa. Iwo ankangomvetsera, mutu utapendekeka. Anthu ankachoka atapepukidwa, n'kumandiuza pa njira kuti ndili ndi mwayi. Mwayi wanji, ine ndikugona ndi mlendo amene amapepesa akandigunda ndi chigongono?

Mvula yamawawa ikamagwa pa malata, ndinayamba kuimva mosiyana. Inkamveka ngati anthu ambiri akuwomba m'manja patali, kutsidya kwa phiri. Ndikanati ndi makutu anga, koma nthawi iliyonse amuna anga ankadzutsa mutu, n'kuwerama pang'ono.

Tsiku lina masana, ndikuchokera ku chigayo m'chifunga, ndinakumana ndi anthu pa msewu wa m'tiyi. Ankayenda awiriawiri, osalankhula, amuna atavala majasi, akazi zipewa za nthenga. Nkhope zawo sindinazione bwino, chifunga chinkakhala ngati chawakonda kumaso. Ndinapatuka n'kupereka moni, ndipo mmodzi anagwira chipewa chake. Nsapato zawo zinkalira ngati akuponda pa miyala yoyala, chonsecho msewuwo unali matope okhaokha. Onse ankalowera ku shedi. Mantha sindinachite, n'chimene chimandidabwitsa mpaka lero. Ndinangomva tulo, ndi chisoni chofewa, ngati ndikusowa kwathu kwina kumene sindinafikeko. Ufa ndinakafika nawo kunyumba sindikudziwa kuti ndadutsa njira iti.

M'mawa mwake ndinapita ku sukulu.

"Aphunzitsi, amuna anga akutha ine ndikuona."

"Nanenso ndaona, mayi a Edina," anatero a Muhiwa, akupukuta choko m'manja. "Dzulo anandifunsa ngati sitima ya ku gombe yadutsa kale. Ndinayesa kuwaitana ndi dzina lija, monga ankachitira malemu. Anacheuka kumbuyo kuti aone amene ndikumuitana."

"Ndiye nditani ine?"

"Ife tinkamuyankha mzungu uja chifukwa ndiye ankatituma ulendowo. Iye kulibe. Amene watsala ndi munthu amene amuna anuwo angafune kubwererako."

"Ine nditchule dzina la amuna anga? Mukufuna amayi anga adzuke m'manda?"

"Ine ndanena zimene ndikudziwa, mayi."

Musaganize kuti sindinayese. Tsiku lomwelo amuna anga atakhala pa mpando wa alendo ndinagwada pambali pawo, ndinatsegula pakamwa, koma lilime linakana. Zaka zonse za chilangizo zinapambana, ndipo chimene chinatuluka ndi chomwe ndinazolowera.

"Bambo a Edina."

Anandiyang'ana mwachifundo. "Abwera posachedwa, mayi, musade nkhawa."

Ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira.

Loweruka lachitatu chifunga chinatsika chokhuthala, moti mtengo wa mapeyala wa pakhomo sunkaoneka. Titadya chamasana anaimirira, anatenga chijasi pa msomali, anachivala mosafulumira. "Zikomo, mayi, ndakhalitsa. Kwathu akundidikira." Anatuluka. Ndinakankhira Edina m'nyumba ya aneba n'kuwatsata, nsapato osavala n'komwe.

Shedi inali yokhoma ndi loko chichitikireni maliro, koma ndinaipeza yotsegula. M'kati munali kuwala kwachikasu, kofewa, ngakhale nyali sindinaione. Mabenchi athu anali odzaza, ndipo mizere inkapitirira kumbuyo, kutali kuposa pamene khoma linali. Munkanunkha malasha ndi nsalu zonyowa. Palibe anatembenuka. Pa siteji amuna anga anali pa mpando, akumvetsera anthu amene ndikawayang'anitsitsa ankazimiririka, ndikayang'ana kumbali ankaonekanso. Kakhomo ka kuseri kanali kotsegula. Kunja kwake kumayenera kukhala bulugamu ndi dzala la zinyalala, koma ine ndinaona msewu wautali wonyowa, wa nyali m'mbali, ukutsetserekera ku madzi.

Pafupi ndi kakhomoko panaima munthu wamtali, wopanda jasi, akunjenjemera. Sankaitana aliyense, iyenso ankaoneka wodikira. Anandiyang'ana, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti zaka zinayi ndikumusokera, ndikumva mbiri yake yonse, dzina lake la ubatizo sindinalifunsepo. Ndinalibe chomupatsa. Chimenecho chimandiwawa mpaka pano.

Amuna anga anaimirira, anawerama pothokoza, anayamba kuyenda. Kuchoka pa mpando kufika pa khomo anali mapazi asanu ndi awiri, ndinkawadziwa poti ndinaonera zoyeserera zonse. Ndinathamanga m'mbali mwa mabenchi, ndinakwera pa siteji, n'kukaima pa khomopo. Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze, khamu lonselo la alendo ovala bwino likundiyang'ana, ine mapazi ali matope, duku litapotoka. Ndinagwira kolala ya chijasi ndi manja onse awiri. Iwo anaima n'kundiyang'ana mokoma mtima, kudikira kuti ndiwapatse njira.

Koyamba kunangotuluka mpweya. Kachiwiri ndinatseka maso.

"Yotamu."

Ndinakoka kolalayo n'kubwereza.

"Yotamu, ndikuitana iwe."

Ndinamva mapewa akutsika pansi pa manja anga, ndipo chijasi chinatsetsereka chokha. Kenako ndinamva mawu aja osasa pang'ono, a pa sikelo, amene ndinawasowa masabata atatu.

"Ndine." Anapuma kawiri. "Felesiya, nsapato wasiya kuti?"

Nditatsegula maso munali kamdima ka masana a chiperoni, mabenchi opanda munthu, madzi akudontha kuchokera ku malata. Chijasi sitinachione pansi, ndipo sitinachifunefune.

Zinthu zawo zinabwerera pang'onopang'ono, kapu m'dengu la mbale, pensulo pansi pa pilo. Nsapato za ku tchalitchi zokha sizinabwere. Koma ulendo wotere munthu sabwerako yense. Chiperoni chikagwa ndinkawaona akuyamba kupendeketsa mutu, akumvetsera za pa malata, maso ali kukhomo. Ndiye ndinkawaitana, kaya pali alendo, kaya tili pa msika, kaya pa bwalo la tchalitchi anthu akutuluka. Azimayi a pa chitsime ananditcha wosalangidwa, ena anati ndinawadyetsa amuna anga mankhwala. Azakhali awo anaitanitsa ankhoswe, ndipo amalume anga anandikalipira mpaka thovu kukamwa, ine nditagwada, mutu uli pansi. Amuna anga anawasiya onse alankhule mpaka atope.

"Malume, mulekeni," anatero. "Tsiku limene adzasiye kunditchula, mudzandifuna, simudzandipeza."

Mlandu unathera pomwepo, ngakhale miseche sinathe. Ine ndinalibe nazo ntchito, miseche siitupitsa mutu. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinaitana, ndipo zaka makumi atatu ndi zinayi anayankha. Tinabereka ana ena anayi, tinasamukira kuno ku Luchenza, ndinatsegula khonde linoli. Zisudzo sanachitenso, ngakhale za Khirisimasi ku tchalitchi ankakana.

Kenako matenda a m'mimba anawagwira. Miyezi isanu ndi iwiri ali pa bedi, kuchipatala anatibweza, mankhwala anasiya kugwira. Munthu wosalankhula uja ankaluma pilo kuti ana asamve. Tsiku lina la mu Julaye chifunga chinatsika m'mawa, ine nditakhala m'mphepete mwa bedi, ndikuwapukuta thukuta. Ndinaona nkhope ikumasuka, makwinya a ululu akuchoka, mutu ukupendekeka pa pilo. Pa malata panayamba kumveka kuwomba kuja, chapatali. Ndinakoka mpweya kuti ndiitane, koma iwo anandigwira dzanja.

"Felesiya," anatero, "lero usandiitane. Kuno kukuwawa."

Dzinalo linali pa lilime. Ndinkadziwa kuti ndikalitchula abwera, poti sanandikanepo ngakhale kamodzi. Abwera kudzagona pa bedi lomwelo, kudzaluma pilo yomweyo, chifukwa choti ine ndikuopa kutsala ndekha. Ndinatenga nsonga ya chitenje n'kuiika m'kamwa, ndinaluma. Ndinakhala choncho, dzanja lawo lili m'manja mwanga, mpaka chifunga chinayera.